Madzi a Magetsi

Nyumba ija ndinaikondera chinthu chimodzi basi: bokosi lachitsulo limene linali pakhoma la kuchipinda, theka mkati theka kunja. Eni nyumba analiloza monyadira ngati bambo amene akuonetsa alendo mwana wake wokhoza mayeso. Anati ndi eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba, anaisiya anthu omanga njanji amene ankachita lendi m'nyumbamo kale, ndipo pa Zalewa ponse sindidzapeza nyumba ina ya lendi yokhala ndi chinthu chotere. Ine nditangomva zoti kuzizira, nzeru zonse zinathawa. Sindinafunse za madzi, sindinayang'ane malata amene anali pafupi ndi mutu. Ndinangoti ndalowa.

Musandiseke. Ndine mwana wa ku Dedza, kumene ngakhale mu Okutobala munthu umagona bulangete lili pafupi. Boma litanditumiza kudzagwira ntchito ya unamwino pa kachipatala kena ka m'derali, ndinatsika minibasi dzuwa likuswa mtengo, mpweya wake ngati wina wakutsegulira uvuni kumaso. Nyenje zinkalira m'mitengo mpaka makutu kuwawa. Ndinabwera ndekha. Banja langa linali litatha chaka chomwecho, mwana ndinalibe, ndipo kunena zoona kusamukako ndinakuvomera msanga chifukwa ndinali nditatopa ndi maso achisoni a azimayi a kutchalitchi kwathu. Ndinkafuna malo amene palibe wondidziwa. Ndinawapezadi, mopitirira muyeso.

Eyakoni ija inali nkhalamba. Ukaiyatsa inkayamba yatsokomola, kenako n'kulira ngati chigayo cha dizilo, khoma lonse kunjenjemera. Kamphepo kozizira kankatuluka ndithu, koma kankathera pamphumi pake pomwepo, moti kuti ukamve unkayenera kuima pafupi ngati mukunong'onezana. Ndinakokera bedi pansi pake, ndipo ndinkagona mutu ukuzizira pang'ono miyendo ikupsa. Nditadandaula, eni nyumba anati vuto ndi langa: ndizitseka chitseko ndi mawindo onse, mipata ndiziitseka ndi nsanza kuti mphepo isathawe. Ndinamvera. Ndikaweruka ndinkalowa, kutseka, kukoka makatani, kufinyira nsanza pansi pa chitseko, n'kukhala pabedi foni ili m'manja, thukuta lili kamukamu. Magetsi akazima, ndipo ankazima mmene afunira, nyumbayo inkasanduka mphika wovundikira, ine ndiye mbatata yake.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti pa Zalewa nyengo yotentha moyo wonse umatulukira panja. Anthu amaphika panja, amadyera panja, amalukana tsitsi pansi pa mango, ngakhale kukangana amakanganira panja. Chitseko chimakhala chotsegula, mwala utachigwira, kansalu kokha kakuuluka pakhomo. Wodutsa amaponya moni ali panjira, iwe n'kuyankha uli pamkeka, ndipo chinansi chimayambira pamenepo. Chitseko chotseka masana amachiwerenga kuti mwini wake wachoka, kapena ali mkati akudya nyama. Ine kuchoka sindinachoke, makina ankandiulula. Ndiye ndinali munthu wosafuna anthu.

Palibe amene anati odi pakhomo panga. Kuchipatala ndinkalankhula tsiku lonse, koma onse ankanditcha adokotala maso ali pansi, ndipo nkhani yake inali ya malungo ndi sikelo. Anzanga akuntchito anali ndi mabanja awo, ena Lachisanu likakwana ankakwera za ku Blantyre. Loweruka ndinkatha kufika madzulo ndisanatsegule pakamwa, mpaka ndinayamba kuyankha anthu a pawailesi akapereka moni. Ndinali wosungulumwa, ndinene mosabisa.

Oyamba kundichezera anali abakha. Eyakoni ija inali ndi kapaipi kunja kamene kankadontha madzi ikamalira, ndipo pansi pake panapangika kachithaphwi ka matope kofanana ndi mbale ya ndiwo. Nthaka yonse yozungulira inali itang'ambika ndi dzuwa, choncho sizinatenge nthawi kuti abakha a kwa aneba akapeze. Tsiku lina nditazungulira kuseri kukataya madzi otsukira mbale ndinawapeza atazungulira kachithaphwiko, milomo ili m'matope, michira ikugwedezeka. Anali abakha akumudzi aja ofiira kumaso, amene salira koma amangopuma ngati munthu wa mphumu.

Eni ake anafika ndikadali pomwepo. Anali mayi wamfupi, wa msinkhu wa amayi anga ondibala, mpango utapendekera mbali imodzi, bango lili m'manja. Anagwada pang'ono n'kupepesa kuti ziweto zawo zikuipitsa pakhomo pa adokotala. Ndinati azisiye, sizikulakwa kanthu. Anayang'ana kapaipi kaja nthawi yaitali, n'kufunsa ngati madziwo amachokera m'magetsi. Ndinayamba kufotokoza za chinyezi cha mumpweya, koma ndinaona kuti sakumva ndipo sakufunanso kumva, ndiye ndinangoti inde. Kuyambira tsikulo anali madzi a magetsi, ndipo amayiwo ankauza aliyense kuti ndi amene akunenepetsa abakha awo.

Dzuwa likapendeka ankabwera kudzatenga abakha, ndipo kutenga abakhako kunkatenga nthawi. Iwo ankakhala pa njerwa zimene zinatsala pomanga nyumba, ine pa ndowa yozondotsa, chapatali pang'ono chifukwa kunjako makina aja ankalavula mpweya wotentha. Tinkachita kukweza mawu kuti timvane. Sanali mayi wa nzeru zakuya ayi, ndisawanamizire. Anali wamiseche, ndipo miseche yawo inali yokoma. Ankagulitsa masawu ndi malambe kumsewu, kuthamangira mawindo a mabasi, choncho ankadziwa dalaivala wa thiraki amene ali ndi banja lachiwiri pomwepo, ankadziwanso wowotcha nyama amene mbuzi zake sizidutsa pamsika. Amuna awo anamwalira kale. Ankakhala pakhomo pa mwana wawo wamwamuna, ndipo ankati kukhala kwa mwana wamwamuna n'kukhala mlendo wosanyamuka. Nkhani yaikulu inali mpongozi wawo, amene ankaphika ndiwo za madzi ambiri ngati akufuna kusambitsamo mwana.

Ndi iwowo amene anandiuza dzina la nyumba yanga. Anati anthu amaitcha ku mochale, chifukwa n'kokhako kumene kumakhala kotseka, makina akulira, munthu ali gone mkati. Ndinaseka mpaka misozi. Koma atapita ndinakhalabe pa ndowa paja mpaka udzudzu unachita kundithamangitsa.

Ndinkawaitanira m'nyumba kuti adzamwe tiyi, iwo ankakana. Tsiku lina ndinakakamira, ndipo anandiyankha maso ali pa abakha.

"Adokotala, ine ndikalowa pakhomo panu popanda chonditengera, mawa pamjigo ndimva zoti ndayamba kupempha sopo kwa anthu a boma. Woyambitsa nyimboyo akhala mpongozi wanga yemwe. Koma munthu wotsatira ziweto zake, ndani angamunene?"

Ndinati ndiye ine ndizibwera kwawo. Anagwira pakamwa. Anandikumbutsa chinthu chimene ndinkachidziwa kale, chakuti namwino akalowa pakhomo pa munthu, mudzi wonse umayamba kufufuza kuti m'nyumbamo wasiya kumwa mankhwala ndani. Anthu akanati ndi mwana wawo, kapena mpongozi, ndipo zikanathera pa iwo amene andiitana. Choncho kwawo kunali kotseka, kwanga kunali kotseka. Chotsala chinali kachithaphwi kaja.

Kuyambira pamenepo eyakoni sindinkaiyatsiranso kuzizira. Ndikaweruka ndinkathamangira kukaiyatsa kuti pofika nthawi yawo pansi pakhale patanyowa, ine n'kutuluka kukadikira kuseri, makina akuziziritsa chipinda chopanda munthu. Mayunitsi a magetsi ankasungunuka ngati shuga m'tiyi, koma sindinkadandaula. Magetsi akazima masana mtima unkakhala m'mwamba, ndipo anzanga kuntchito ankaganiza kuti ndi kutentha kumene kukundisowetsa mtendere.

Eyakoni ija inafa mu Novembala, kutentha kutafika pachimake, mitambo ikungosonkhana n'kubalalika osagwetsa kanthu. Inatsokomola, kunamveka fungo la waya wopsa, n'kuti zii. Eni nyumba anabwera, anaiwomba mbama, anaikapo khutu, kenako anati atumiza mmisiri wa mafiriji wochokera ku Blantyre. Mmisiriyo mpaka lero akadali m'njira.

Matope anauma n'kung'ambika. Abakha anabwera mawa lake, anajompha fumbi, anaima pang'ono, n'kubwerera okha dzuwa lisanapendeke. Kenako anasiyiratu. Amayi aja nawonso sanabwere, popeza panalibe choti adzatenge. Ndinkawaona kumsewu lichero la masawu lili pamutu, n'kundipatsa moni wa munthu aliyense: mwaswera bwanji adokotala, ndaswera bwino kaya inu, basi. Sindinawaimbe mlandu, anali atandiuza kale mmene zinthu zilili. Koma zinkandipweteka.

Popeza panalibenso mphepo yoti ithawe, ndinachotsa nsanza zija, ndinatsegula mawindo, chitseko ndinachigwiritsa mwala ngati wina aliyense. Kunali kuchedwa. Dzina la mochale linali litamera kale mizu, ndipo odutsa ankangosuzumira n'kufulumiza miyendo. Ndinaphunzira kunyowetsa chitenje n'kudzifunda, chikauma n'kunyowetsanso. Ndinasiya bedi n'kumagona pasimenti. Zidzolo za thukuta zinandimera pakhosi ndi kumsana. Zonsezi ndinkapirira, thupi limazolowera. Chimene chinandikanika ndi nthawi ija dzuwa likapendeka. Ndinkangozindikira ndakhala pa ndowa kuseri, kuyang'ana njerwa zopanda munthu. Ndinaimbira mchemwali wanga ku Dedza, iye anati kumeneko kukuwomba kamphepo kabwino, bwanji osapempha kuti andisamutse. Sindinathe kumuuza kuti chimene ndikulira si kamphepo, ndi abakha a eni.

Nzeru inandipeza kuntchito, ndikuyang'ana diripi ya mayi wina ikudontha. Poweruka ndinagula chigubu, ndinachiboola mmunsi ndi msomali wotentha, n'kulowetsa pabowopo kansanza kopota. Ndinachikhazika pampando pamwamba pa tebulo m'chipinda muja, kansanzako n'kukadutsitsa m'mimba mwa eyakoni mpaka kukafika pa kapaipi. Poyamba madzi onse anathera pa matiresi. Ndinatukwana, ndinayanika matiresi, n'kuyesanso, mpaka kunja kunayamba kudontha monga kale. Madziwo ndinkatunga ndekha pamjigo m'mawa ndisanapite kuntchito, azimayi akufunsana ndi maso kuti kodi adokotala amasamba kangati patsiku.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinangothira madzi pansi ndi ndowa. Ndikanatero, aliyense akanaona kuti ndikuitana, ndipo woitanidwa ndi munthu wa boma ndi wopempha sopo yemwe uja. Madziwo ankayenera kukhala ongodzigwera okha, opanda wowatuma.

Sipanapite masiku ambiri abakha anabwerera, ndipo madzulo ake eni ake anatulukira ndi bango lawo. Anakhala pa njerwa zawo. Kunali bata lachilendo, moti tinkamva dontho lililonse likagwa m'matope. Anayang'ana bokosi lija, anayang'ana kapaipi, kenako anandiyang'ana ine.

"Achira makina anu," anatero.

"Achira."

"Koma mawu atha, eti?"

"Atha."

"Ukalamba umatero," anatero, n'kuyamba nkhani ya mpongozi pomwe anaisiyira.

Masiku amenewo ndi amene ndimawakumbukira kwambiri. Kunkatentha moti ngakhale agalu ankaleka kuuwa njinga, koma ine ndinkadzuka ndili ndi chochita ndi chodikira. Komabe, monga munthu aliyense pa Zalewa, ndinkapempherera mvula. Kutchalitchi tinkaipempha, pamjigo inali nkhani yomweyo, ndipo ine ndi zidzolo zanga ndinkaipempha kuposa alimi.

Inabwera masana ena, itatsogoza mphepo ya fumbi. Malata analira, fungo la dothi linadzaza m'nyumba, ndipo ine, mayi wamkulu wovala yunifolomu, ndinaima pabwalo mikono itatambasuka mpaka ndinanyowa nsapato. Ndinali nditaiwala zoti walira mvula walira matope. M'mawa mwake matope anali ponseponse. Bakha wanji angayende mtunda kutsatira kadontho pomwe chithaphwi chili pakhomo pa khola lake? Anthu onse anathamangira kukabzala, ndipo munda wa amayi aja unali kutali, kotuluka mbandakucha n'kubwerako miyendo italema. Chigubu ndinkachidzazabe mwauchitsiru, madzi n'kumadonthera m'madzi anzake. Kunja kunazizira, tulo ndinkagona tabwino, koma kuseri kwa nyumba kunalibe munthu.

Chakumapeto kwa chaka, ndikuchokera kuntchito, ndinakumana ndi njinga itanyamula abakha omangidwa miyendo, mitu ikulendewera, ikulowera kumsewu kumene kuli malo odyera. Mmodzi wa phiko loyera ndinamuzindikira. Pamjigo ndinamva kuti mwana wa amayi aja wagulitsa khola lonse kuti apeze feteleza, ndipo panamveka phokoso pakhomopo koma amene analamula ndi mwanayo, mwini khomo. Tsiku limenelo ndinatsitsa chigubu n'kuchiika pakona. Sindinadye. Ndinadziuza kuti ndi zopusa kuti munthu wa sukulu azilira chifukwa cha ziweto za eni, kenako ndinalira ndithu.

Lamlungu lina masana, nditabwerako kutchalitchi, ndinali chigonere pamkeka pabalaza, chitseko chili chotsegula, pamene ndinamva munthu akuti odi. Ndinaganiza kuti ndi kwa aneba, chifukwa chilowereni m'nyumbamo mawu amenewo anali asanamvekepo pakhomo panga. Anabwerezanso, mokweza. Nditatuluka ndinapeza amayi aja ataima kumaso kwa nyumba, osati kuseri, atavala chitenje cha kutchalitchi, bakha ali m'khwapa.

"Ndabwera kudzasungitsa," anatero, mokweza mawu kuti amve ndi a nyumba zoyandikana. "Uyu ndinamubisa m'bafa tsiku la ogula. Kwathu sakhalitsa. Mundisungire inuyo, akaswa tigawana ana, woyamba wanu."

Mwambo umenewu ndinkaudziwa, ngakhale kwathu ku Dedza ulipo. Munthu akaopa matenda a ziweto, kapena akaopa abale a manja ofulumira kugulitsa, amakasungitsa nkhuku kapena mbuzi kwa mnzake. Ikaswa mumagawana, ndipo mwini wake amabwera nthawi imene wafuna kudzaona chiweto chake. Amalowa pakhomo masana anthu akuona, ndipo palibe amamunena.

Ndinamulandira bakhayo ndi manja awiri. Anali wolemera, mutu waukulu, kumaso kuli zotupatupa zofiira mpaka pamwamba pa mlomo. Ine abakha sindinawetepo, koma ngakhale mwana akanadziwa kuti ameneyu ndi wamphongo. Ndinawayang'ana amayiwo. Iwo anali kuyang'ana malata.

"Ndizibwera kudzaona ngati wayamba kuikira," anatero.

Ndinati zikomo, ndimusamala. Kenako ndinanamizira kukonza chingwe cha kumwendo kwa bakha. Tsiku limenelo analowa m'nyumba. Anavula patapata pakhomo, anakhala pamkeka, anamwa tiyi wa shuga wambiri. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, ndipo ndinaona maso awo akufika pa bokosi lakufa lija, kenako pa chigubu chimene chinali pakona kansanza kakadali pabowo. Anangopempha kuti ndiwaonjezere tiyi.

Ndisanamize munthu kuti kusungulumwa kunathera pomwepo. Sankabwera tsiku ndi tsiku ngati kale. Kupalira kunawagwira, kenako bondo linayamba kuwavuta, ndipo nthawi zambiri linkakhala Lamlungu lokha, mwinanso kudumphitsa. Aneba ena anayamba kuponya moni, koma unali moni basi. Masiku ena onse tinkakhala awiri kuseri kuja, ine pa ndowa, bakha pambali panga ndi mphumu yake, akudikira madeya. Eyakoni eni nyumba sanaichotse ndipo sanaikonze, mavu anamangamo zisa. Nyengo yotentha itabweranso ndinaipirira ndi chitenje chonyowa ndi simenti, chitseko chili chotsegula, khutu lili kunjira.

Akabwera ankaima patali ndithu, pomwe aliyense angawaone, n'kufunsa mokweza asanapereke ndi moni womwe.

"Kodi waikira?"

"Ayi amayi, sanayambe."

"Ndiye ndibweranso," ankatero, akuvula patapata.